Galasi la Basi pa Denga la a Len

"Si pano," anatero mayi Beryl, osatsika n'komwe m'galimoto.

Darren, mwana wawo wamwamuna, anali atatulutsa kale kabokosi ka phulusa la mtembo wa bambo ake. Anaima nako kanthawi, thukuta likutsikira m'khosi, kenako anakabwezera pampando wakumbuyo n'kukamanga lamba. Bambo akewo, a Len Haskett, anayendetsa mabasi mumzinda wa Sydney mpaka kumera imvi, ndipo ngakhale atasanduka phulusa sakanalola kuyenda osamanga lamba.

"Amayi, mwayang'ana koma?" anafunsa Noelene, mchemwali wake wamkulu wa Darren. "Pano pa Dover Heights mzinda wonse uli poyera. Mlatho uwo, doko ilo. Ababa ankabwera nane pano ndili kamtsikana, n'kumandiuza kuti malo oposa ano kulibe."

"Inenso anandiuza mawu omwewo ku North Head," anatero Darren.

"Ku North Head tachokako kumene ndipo amayi akana. Ndiye khala chete."

Vuto linali limenelo. A Len anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: kusakasaka pokwera. Tsiku lopuma silinkawapeza pakhomo. Ankazungulira mzinda kufunafuna kaphiri, msewu wothera pachitunda, denga la poimika magalimoto, paliponse pomwe munthu angaone Sydney ali m'munsi mwake. Ali pafupi kutsirizika kuchipatala anangoti, "Phulusa langa mukaliike pamalo anga aja." Aliyense anagwedeza mutu poganiza kuti akudziwa. Lero ndi pomwe zinaululika kuti mkuluyo anagawa malo ake apamtima ngati maswiti, mwana aliyense ake.

Darren anali atatopa mpaka m'mafupa. Chichokereni ku Perth, komwe ankagwira ntchito ya kumigodi, anali asanaone tulo teniteni, ndipo mawa ndege inali kumudikira. Koma chomulemera kwambiri sichinali phulusa. Chidwalireni sitiroko, mayi ake ankakoka mwendo ndipo dzanja limodzi silinkagwira. Kuwasambitsa, kuwaphikira, kuwapesa, zonse anali a Len. Darren anali atapeza kale malo kunyumba yosungirako okalamba, ndipo anatsimikiza mtima kuti lero, akangomwaza phulusa, awauza mayi ake kuti nyumba ya ku Earlwood igulitsidwe.

Anagula nsomba ndi tchipisi, n'kuwapatsa mayi awo m'galimoto momwemo. Awiriwo anakadyera pabenchi, chapatali pang'ono.

"Uwauza lero?" anafunsa Noelene chapansipansi.

"Nanga liti? Inu muli ndi ana komanso ntchito. Ine ndili kutali. Akagwa kubafa adzawadzutsa ndani?"

"Eya, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Wangofika dzana, wameta kale mutu wonse."

"Achemwali, musandinyoze. Muli ndi nzeru ina?"

Noelene anaponyera mbalame tchipisi chimodzi, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Nzeru ina analibe, ndipo n'zimene zinkamukwiyitsa.

Anayesanso malo ena. Anapita pa nsanja ya pamlatho, mayi Beryl anangoti, "Masitepe onsewo ndikwera ndi mwendo uti? Bambo anu sanali chitsiru." Anapita padenga la sitolo ina komwe a Len anathamangitsidwapo ndi mlonda chifukwa choimirira nthawi yaitali osagula kanthu. Mayiwo anayang'ana mzinda mwachidwi, maso ali tong'o, kenako anapukusa mutu. Mphepo yakummwera inali itayamba, ndipo Darren anaona kuti akanatsegula kabokosi kaja, bambo ake akanawabwerera onse kumaso.

"Ndibwezereni kwathu," anatero mayi Beryl. "Ndatopa."

Pobwerera, maluwa a jakaranda anali atathothoka m'misewu ya ku Earlwood, matayala akungowaponda. Darren ankakonza mawu ake mumtima, akuwayamba ndi kuwasiya. Atafika, anawathandiza mayi ake kulowa kukhitchini n'kuwakhazika pampando wawo wa masiku onse, pafupi ndi zenera loyang'ana kuseri kwa nyumba. Anaika kabokosi patebulo, n'kukhosomola.

"Amayi, pali nkhani."

"Nkhani idikire. Tenga makwerero m'galaja. Ukuona galasi lili pamwambalo?"

Darren analidziwa. Linali galasi lalikulu loonera kumbuyo, lochoka pa basi yakale, lomangidwa pa chitsulo chachitali chomwe chinatulukira pamwamba pa denga, pambali pa mtengo wa mandimu. Iye ndi Noelene ankaliwerengera m'gulu la zinyalala za bambo awo, pamodzi ndi matayala akutha ndi mawayilesi osalankhula.

"Amayi, panopa? Ndatopa ine."

"Tonse tatopa. Kwera."

Anakwera akung'ung'udza. Galasi linali mbuu ndi fumbi, mbalame zitachitapo zawo, ndipo mphepo inali italipotoza. Pansi pake panali msomali, ndipo pamsomalipo panalendewera kansalu kong'ambidwa ku malaya akale a yunifomu ya bambo ake. Anakatenga, n'kupukuta.

"Litembenuzire kumanja," anakuwa mayi Beryl pazenera. "Wapitiriza! Bweza pang'ono. Liweramitse. Iwe, manja akowo ndi a kumigodi basi? Pang'onopang'ono. Pomwepo! Usalikhudzenso. Tsika ubwere."

Atalowa, anamukoka dzanja kuti agwade pambali pa mpando wawo, mutu wake ufanane ndi wawo. Darren anayang'ana. M'galasi muja munali Sydney: nyumba zitalizitali zitaunjikana, nsanja yapakati pa mzinda, ndi kansonga ka mlatho, zonse zazing'ono koma zooneka bwino, dzuwa lakumadzulo likuwalira m'mazenera ake. Munthu woimirira sakanaona kanthu koma mitambo. Noelene anagwada mbali inayo, n'kugwira pakamwa.

"Nditatuluka m'chipatala ndinkangokhala pano kuyang'ana mpanda wa aneba," anatero mayi Beryl. "Ndinawauza bambo anu kuti pitani kumapiri kwanuko, ine zanga zatha. Iwo anakwera padenga n'kupeza kuti mzinda umaoneka pakati pa machumuni awiri a kutsidyako. Anavutika nalo galasili mwezi wathunthu, ine ndikukalipa pazenera ngati lero. Litakhala bwino anabwera kudzagwada pomwe wagwadapo, n'kunena kuti, Beryl, ndasaka moyo wanga wonse, koma malo ndi ano."

"Nanga bwanji simunanene m'mawa?" anafunsa Noelene, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. "Tazungulira mzinda wonse!"

"Munandifunsa? Munali kalikiliki kukangana pamutu panga. Komanso malo onse aja ndinkangowamva m'kamwa mwa bambo anu. Pakanapanda phulusali, ndani wa inu akanandiyendetsa tsiku lonse?"

Darren anachita manyazi enieni. Anakhala chogwada choncho mpaka mawondo kuwawa.

"Ankalipukuta kangati?" anafunsa.

"M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi. Tsono nkhani yako ija ndi yotani?"

Darren anayang'ana mchemwali wake. Noelene anali kuyang'ana pansi.

"Nkhani yake ndi yakuti mawa sindikwera ndege," anatero. "Tiyenera kupeza munthu woti azibwera kudzakuthandizani pakhomo pano. Sindikudziwa ngati zitheka, amayi. Koma tiyesa."

"Apezeke wosaopa makwerero," anatero mayi Beryl.

Anakumba kadzenje patsinde pa mtengo wa mandimu, pansi penipeni pa chitsulo chija, komwe mphepo sinkafika. Noelene anathira phulusa, Darren anakwirira, mayi awo akuonera pazenera. Pomaliza Darren ananyamula makwerero kuti akawabwezere m'galaja, ndipo ndi pomwe anazindikira kuti kansalu kaja kanali kakadali m'thumba mwake. Anawaimikanso, n'kukwera, n'kukakoleka pamsomali pake. Makwerero aja anawasiya pomwepo, atatsamira denga.