Mwana wa M'nyumba

Ntchito yomasulira ndi yagalu, ndikukuuzani. Pakamwa ndi panu koma mawu ndi a eni.

Chaka chimenecho ku boma la Kotakota kunabwera dona wachizungu wolemba mbiri ya tauni yathu, kuti buku lake likasungidwe m'nyumba yowerengeramo mabuku, aliyense azikaliona. Ine Swaibu ndinali womumasulira. Tinazungulira midzi ya ku Chia, akuluakulu akusimba za ngalawa za Aluya ndi minyanga ya njovu, iye akungolemba.

Kenaka tinafika pakhonde pa Che Abdulhamid, amalume ake a Rahila, mtsikana amene ndinali nditamufunsira. Yankho la ukwati linali m'manja mwawo, ndipo anali akundizungulitsa chiyambire dzinja. Mkuluyu Chingerezi ankachimva bwinobwino, poti anagwirapo ntchito pasitima ya panyanja.

Dona anafunsa za anthu amene ankakhala pamudzipo kale. Mkuluyo anatchula mayina mosafulumira, akusenda chinangwa. Kenaka anandiyang'ana.

"Panalinso Asiyatu. Ameneyo anali mwana wa m'nyumba."

Mayo ine! Asiyatu anali agogo anga, obala amayi. Ndipo kuno kunyanja ndani sadziwa kuti "mwana wa m'nyumba" ndi mawu aulemu onenera munthu wogulidwa?

"Akuti chiyani?" anafunsa dona.

Ndikati mwana, buku linena kuti ine ndi Rahila ndife a bere limodzi, ndipo munthu sakwatira mlongo wake. Ndikati kapolo, banja limeneli lingapereke mwana wawo kwa mdzukulu wa kapolo wawo? Rahila anali kuseri kwa mpanda akupeta mpunga, ndipo ndinamva lichero litasiya kulira. Ndinachita mantha.

"Nenatu, mphwanga," anatero Che Abdulhamid. "Si iwe wodziwa Chizungu?"

Nkhalamba yoipa mtima! Sinafune kundikana yokha, inafuna kuti ndidzikane ndekha.

Agogo aja ankandionetsa chipsera cha goli pakhosi pawo, osachita manyazi. Sindikanatha kuwasandutsa mwana wa anthu amene anawagula.

"Kapolo," ndinatero m'Chingerezi, kenaka m'Chinyanja, kuti wa kuseri kwa mpanda uja amve kuchokera kwa ine.

Dona anakondwa, ati zoterezi ndiye zimene ankafuna. Anandipatsa pensulo.

"Dzina la kapoloyo likundivuta. Undilembere bwino, lisalakwike."

Ndinalilemba.