Nyongolotsi za m'chipika

Garrawi anabadwira m'chigwa cha akangaru, nyama zodumpha zimene ankasaka, koma chigwacho nyanja inachimeza. Inkabwera mwakachetechete, yopanda manyazi: chaka chino yalanda chitsime, chaka chinacho njira. Udzu utapsa ndi mchere nyama zinathawa, ndiye anatenga mkazi wake Mindjil ndi khanda lawo kukapempha malo kwa abale a mkaziyo, anthu amene iye ankawanyoza kuti adyamatope.

Mwambo wa kumeneko unali wosanyengerera. Mlendo asanakoleze moto wake, adye chakudya cha eni dziko iwo akuona. Akalavula, azipita. Garrawi analibenso kopita.

Mlamu wake Barrkan anawalowetsa m'matope ofika m'mawondo, onunkha ngati dzira lowola. Anapeza chipika chokokoloka ndi madzi, n'kuchiwaza ndi nkhwangwa yamwala. M'kati munali timabowo tokhatokha. Anasolola chinyongolotsi choyera, chonanda, kutalika ngati mkono, chikuchucha thope.

"Mlamu, nayu kangaru wakwathu," anatero Barrkan. "Uyu sathamanga, mkondo wanuwo upume."

"Mamina amenewa?" anatero Garrawi. "Ngakhale khwangwala angayang'ane kumbali!"

"Khwangwala ali ndi kwawo. Nanga inu?"

Anthu anafa nacho chiseko. Mindjil yekha sanaseke.

"Bambo a mwana, mungomeza, musatafune," ananong'ona. "Mwanayu agone pouma."

Garrawi anachilandira chinyongolotsicho ndi zala ziwiri. Zinamunyansa zonse: fungo, matope, mano a mlamu wake, ndi iye mwini, mlenje wathunthu wopempha ngati mwana. Pothawa kuchiyang'ana chinthucho, maso ake anagwera pachipika paja.

Panali mizere itatu yopingasa. Anaitema yekha ndi dzanja lake, pamtengo wamphako umene anasungamo mafupa a bambo ake, kuchigwa kuja. Mphakoyo tsopano munali thope basi. Mmenemu, mogona bambo ake, ndimo mmene zinanenepera nyongolotsizi.

Akananena zimenezi, mwambo ukanaima, ndipo mwana akanagonanso pamadzi. Anatseka maso n'kumeza. Chinatsika chozizira, chamchere, osafulumira n'komwe. Analuma mano, osalavula.

"Mwaona? Munthu sanafe!" anakuwa Barrkan. "Tiyeni tonse tidye, chipikachi n'chonona."

Garrawi anaponda chipikacho ndi phazi, misozi ikutsika.

"Solola zonse undipatse, mlamu," anatero. "Ichi asadyepo wina."