Nkhope ya Bertha ku Kabula

Nkhaniyo Tomasi adaimvera pakhonde la sitolo ya a Yakubu ku Nsaru, atapita kukagula mchere. Adamuuza ndi Wilson, mwana wakwawo yemwe ankagwira ntchito yosesa ku Kabula ndipo adali atabwera kudzaona makolo. Akuti m'tauni muja muli nyumba yaikulu yomwe azungu amapachikamo zithunzi zojambula pamanja, ndipo pa chimodzi pali mayi wosenza mtsuko.

"Ndi malemu akazi anu, a Bertha," adatero Wilson. "Ndimawapukuta fumbi ndine m'mawa uliwonse."

Tomasi adakhala pansi. Adakumbukira dona wina wa pa esiteti ya fodya ku Namitete, amene adaimika Bertha pansi pa mkuyu ndi mtsuko pamutu, n'kumamujambula mpaka khosi kuwawa. Bertha adabwera kunyumba akuseka, ati azungu ntchito idawasowa. Chaka chotsatira adamwalira, mwana wawo Enifa akukwawa kumene. Atameta maliro, akuchikazi adamusudzula Tomasi monga mwa mwambo. Iye adabwerera kwawo, mwana n'kutsala m'manja mwa atsibweni ake, a Chikoti. Tsopano Enifa adali namwali wathunthu, koma nkhope ya mayi ake sankaidziwa. Tomasi adatsimikiza mtima kuti apita naye akaione.

Nanga munthu woti Lilongwe yemweyu ankamusokoneza, ku Kabula akafika bwanji? Koma anthu ndi abwino, inu. A Yakubu adalankhula ndi dalaivala wa lole yonyamula fodya kuti awatenge mpaka ku Salima, kokwerera sitima. Wilson adati akagona kwa iye, ndipo akawalowetsa m'mamawa iye akusesa, eni ake asanafike. Mphunzitsi wa pamishoni adamubwereka jekete, mlongo wake wa Tomasi n'kukazinga mtedza ndi chimanga cha kamba. Tomasi ankangowomba m'manja khomo ndi khomo, mawu othokozera atamuthera.

Chidatsala n'chimodzi, ndipo ndicho chidali chovuta. Mwana sachoka pamudzi popanda mawu a mwini mbumba.

Adawapeza a Chikoti akusoka fodya pachigafa. Tomasi adanjuta, n'kufotokoza zonse mwaulemu. A Chikoti sadadzutse n'komwe mutu.

"Alamu, kodi mudaonapo tambala akuyenda ndi anapiye? Mwanayu ngwathu. Ku Kabula kwameza anthu angati? Mukufuna mundisandutsire mwana wa mlongo wanga mtchona, eti?"

"Ndibwera naye, alamu. Ndikungofuna akaone mayi ake."

"Mayi ake tidawaika kumanda uko, inu mulipo. Mwadziwa bwanji kuti wapachithunziyo ndi Bertha? Amayi osenza mitsuko adatha m'dziko muno?"

Mawuwo adamupweteka Tomasi, koma wopempha sakwiya. Adayankha kuti Wilson adamuzindikira ndi mphini zija za patsaya lamanja.

Apa ndiye a Chikoti adaseka. "Mwaona? Si iyeyo. Mphini za mlongo wanga zidali kumanzere. Pomutema ndidalipo, ndidamugwira dzanja ndine."

"Kumanja, alamu. Ndidakhala naye m'nyumba ine."

"Kumanzere."

Tomasi adafuna kulimbikira, koma adatseka maso kuti aione nkhopeyo bwinobwino, ndipo sidabwere. Kuseka kwa Bertha adakumva, kayendedwe kake adakaona, mpango wake womwe. Koma pankhope padali mbuu ngati nkhungu ya kudambo. Adachita mantha ndi manyazi pamodzi. Potsegula maso adapeza a Chikoti nawo asiya kusoka, chala chili patsaya lawo. Adachiika kumanzere, n'kuchisamutsira kumanja, kenaka n'kuchitsitsa. Tomasi adatsazika yankho asadalilandire.

M'mawa wa ulendo adafika pasitolo yekha, jekete yobwereka ili paphewa, mtima uli wolemera. Adali ataganiza zongopepesa kwa a Yakubu kuti awavutitsa chabe. Lole idali italira kale pamene adaona anthu awiri akutulukira m'kanjira ka kudambo. Patsogolo padali Enifa, kamtolo ka zovala kali pamutu. Pambuyo a Chikoti, mame atawanyowetsa mpaka m'mawondo, atapanira nkhuku m'khwapa.

"Iyi mukapatse Wilson," adatero, osamuyang'ana Tomasi kumaso. "Munthu wosamala mlongo wanga sangamuthokoze ndi pakamwa pokha."

Tomasi adagwada pafumbi pomwepo, wamkulu ndi ndevu zake, n'kuwomba m'manja. "Zikomo, alamu. Mwandichitira chinthu chachikulu. Sindidzaiwala."

"Dzukani, anthu akuona."

Adamukweza Enifa pamwamba pa mabelo a fodya. Dalaivala adayamba kukalipa kuti dzuwa likukwera, koma a Chikoti adagwirabe m'mbali mwa lole.

"Enifa, mwana wanga, ukafika usakachite manyazi ndi nyumba ya azunguyo. Ukayang'anitsitse, usakafulumire. Maso, mphuno, milomo, zonse. Ukabwera udzandiuze mmene mlongo wanga ankaonekera."