Madengu a Malemu Bizwick

"Mipeni ndi nsungwi zipita kwa ana a mlongo wathu," anatero a Amosi, mng'ono wa malemu Bizwick. "Mwambo wake ndi womwewo."

Teleza anangoti zyoli pamphasa, mutu wometa ukumva mphepo ya ku Nchilamwela. Bambo ake, a Bizwick, anali ataikidwa kumene. Ndiwo ankaluka madengu othyolera tiyi osatupitsa mapewa, ndipo amayi a pa esiteti ankachita kuwalimbirana. Teleza analuka nawo kuyambira ali kamtsikana. Lero bwanji palibe ankamutchula?

"Mipeni tengani, bambo aang'ono," anayankha mchimwene wake Dixon, kalaliki wa ku ofesi. "Koma nzeru ya madenguyi ndikailembetsa. Azungu amati patenti. Bwana wa esiteti wayamba kale kufunsa za madenguwa, mawa tidzangomva ali m'dzina lake! Tikalembetsa, wina asalukenso popanda chilolezo."

"Ngakhale ine, achimwene?" anafunsa Teleza.

"Uyambe wadikira kaye."

Teleza anayang'ana zikhatho zake. Kudikira mpaka liti? Manja ake sankadziwa ntchito ina.

Dixon ankafuna dengu limodzi loti akaonetse kolembetsako, choncho m'mawa mwake anapita naye Teleza kumunda wa tiyi nthawi yoyeza tiyi pa sikelo. Ananyamula dengu loyamba, nayang'ana lachiwiri, lachitatu. Koma abale! Lina lalitali, lina lopendekera kumanzere, lina la lamba mmodzi.

"Kodi lenileni ndi liti?" anafunsa Dixon.

"Langali," anatero a Lizzie, mayi wachikulire. "Phewa ili ndinathyoka, ndiye malemu anandipendeketsera."

"Bodza, lenileni ndi langa!" anakuwa wina, amayi onse n'kufa nazo.

Dixon anaseka nawo, kenaka misozi inalengeza. Iye ankakhala ku ofesi, sankadziwa kuti bambo ake ankaluka dengu molingana ndi msana wa munthu aliyense payekhapayekha.

"Tsono bwanayo adzalemba liti?" anatero, akupukuta m'maso. "Ngakhale ine ndilemba liti?"

Apo panafika mtsikana wina wachilendo, khanda lili kumsana. Anali atangolembedwa ntchito, wochokera kutsidya kwa malire, ndipo ankayankhula Chilomwe chokhachokha. Ankafunsa kwa mmisiri wa madengu. Amayi aja anatembenuzira maso kwa Teleza. Teleza naye anayang'ana mchimwene wake.

"Nsungwi ndikadula ndine," anatero Dixon. "Mpeni tikapempha kwa bambo aang'ono, akakana tigula wina. Ukafunsidwa, uzinena kuti n'za a Bizwick."

Teleza anamutembenuza mtsikanayo mwaulemu. Asanamugwire anapumira m'manja mwake n'kuwatikita kuti afunde.

"Ee, ndi momwemo!" anatero a Lizzie, dzanja pakamwa. "Malemu sankagwira munthu ndi manja ozizira."

Teleza anayamba kuyeza msana ndi zikhatho, akusiya malo a mwana.