Amayi Anga Anali a ku Luapula Mpaka Lachinayi

"Ba Tate, mufuna kugulitsa ba Mayo monga tomato!"

Ndinawalasa nawo mawuwo ali pagalasi, akuyeserera zokayankhula. Chaka chimenecho, 2017, boma linkafunsa anthu ngati Zambia ituluke m'khoti la ku Hague, lija loweruza milandu ya nkhondo. Tcheyamani wa chipani kwathu ku Chelstone anasankha atate, ba Davies, kuti akayankhule zoti tituluke. Atate anaganiza zothirapo mchere: kukaimiritsa amayi pamaso pa anthu.

"Iwe Lukonde, kamwa yako izakupaisa," anatero akukonza kolala. "Khoti ija inagwilapo muzungu? Kamba! Ni ise chabe ba Africa. Manje munthu wamene anaona nkhondo na maso yake akavomela, nindani azatsutsa?"

Za azunguzo sindinawatsutse, ndinali nditaziwerenga ndekha pa foni. Chinkandiwawa ndi china. Amayi, ba Charlotte, anathawa nkhondo ku Congo ine ndisanabadwe. Pamsika wa Chelstone, pomwe amagulitsa kapenta ndi nyemba, aliyense ankawadziwa ngati a ku Luapula, chigawo cha Zambia cha kumalire, poti Chibemba n'chimodzi mbali zonse za mtsinje wogawa mayiko awiriwa. Chaka cham'mbuyo mwake, anthu akuthyola mashopu a alendo m'makomboni, bodza limeneli ndi lomwe linasunga sitandi yawo.

"Leka, mwana wanga," anatero amayi, maso ali pa malaya omwe ankasita. "Ba tcheyamani ndiye bogawa malo ku maliketi. Nizaimilila chabe, sinizakamba."

Lachinayi chipani chinatumiza minibasi. Munakwera atate, amayi ndi azimayi a pamsika, pamodzi ndi ba Helen a sitandi yoyandikana nafe. Ine ndinapita pandekha. M'holo ya m'tauni ofuna kutuluka anadzaza kutsogolo. Ife okana tinali kumbuyo, ana a sukulu, anthu a tchalitchi, ndi mnzanga Gilson amene timagulitsa naye zikwama za mafoni pa Cairo Road. Gilson ndiye anandiphunzitsa kuti wamphamvu naye ayenera kukhala ndi pomuweruzira. Kwathu anali asanafikeko, makolo anga sankawadziwa.

Atate anayankhula bwino, ndisaname. Mpaka kumbuyo kwathu kunakhala zii. Kenako anatambasula dzanja.

"Mukazi wanga uyu ni wa ku Congo. Anaona nkhondo. Khoti ija inamubwezela chani? Imilila, Charlotte, bakuone!"

Amayi anaimirira m'diresi lawo la kutchalitchi, atagwira chikwama ndi manja onse awiri. Kutsogolo kunasefukira kuwomba m'manja. Ndiye pambali panga penipeni wina anakuwa.

"Mukongo azatiuza chani pa Zambia? Ali na reji? Abwelele kwao!"

Anali Gilson, akufunsa za chitupa cha unzika. Benchi lonse linaseka, anthu onyamula zikwangwani za chilungamo, ena mpaka kuimba mluzu. Ndinamuwomba mbama yomwe inamveka kutsogolo. Alonda ananditulutsa akundikoka bulauzi, Gilson akufunsa kuti walakwa chiyani.

Amayi anandiuza kuti pobwerera m'minibasi muja mpando wa pambali pawo unali wopanda munthu, chonsecho ena anapanikizana kumbuyo. Ba Helen, amene akhala akudya nawo m'mbale imodzi kuyambira ndili kumsana, anangoti, "Kanshi Luapula yanu ni ya ku Lubumbashi?"

M'mawa mwake ndinawaperekeza kumsika. Tinapeza thumba la kapenta litathiridwa parafini. Palibe anaona. Onse anali otanganidwa, wina kuwaza madzi pa repu, wina kuthamangitsa ntchentche. Tcheyamani anabwera, nayang'ana thumbalo, nayang'ana amayi.

"Ba Davies banakamba bwino maningi," anatero. "Koma imwe ba mayo, nkhani ya malo yanu tizaikambilana. Bantu badandaula. Pali bana ba muno bamene balibe sitandi."

Amayi anamanga thumbalo pakamwa, ine n'kulisenza. Fungo la parafini linatitsata mpaka kunyumba.

Tinapeza atate pakhonde, foni ili m'manja, akuonetsa aneba kavidiyo ka zomwe anayankhula. Amayi anawadutsa, nalowa m'nyumba. Ine ndinatula thumbalo pamapazi pa atate, pakamwa pake n'kumasuka, kapenta n'kumwazikira pa nsapato.

"Nizakamba na ba tcheyamani," anatero atate, mawu atatsika. "Ni vintu ving'ono ivi. Dziko ikamba nkhani ikulu."

"Zambia ichoke, isachoke, ba Mayo bachoka kale pa maliketi. Mawa kuseni nindani azayenda kuimilila pa sitandi paja, pamaso pa ba Helen, akambe kuti uyu ni mukazi wanga? Osayang'ana foni, ba Tate. Niyankheni!"