Khonje wa Bonifasio

Esitere ankasanja mabenchi oti abwezedwe kutchalitchi pamene galimoto ya boma inaima pamseu. Munatsika mayi wovala majombo, pepala lalikulu lili m'khwapa. Anati dzina lake ndi Fiona, ntchito yake ndi kupima miyala ndi madzi apansi, ndipo ankafuna a Bonifasio.

"Tinawaika m'manda Lachiwiri," anatero Esitere, mkazi wa malemuyo.

Fiona anapepesa, nakhala pakhonde. Bonifasio anagwira zaka makumi awiri pafakitale yothira mankhwala mitengo, pamtunda pa mudziwo. Ndiye ankakwirira m'maenje migolo ya mankhwala otha ntchito. Fakitaleyo inasintha eni kawiri, mapepala anasowa, ndipo wodziwa pomwe panali maenjewo anali iye yekha.

Mayiyo anatambasula mapu ake. Anafotokoza kuti paphiripo dothi ndi lochepa, pansi pake pali thanthwe long'aluka. Madzi amvula amadutsa m'maenje, n'kulowa m'ming'alu, n'kutsikira kudambo. Chala chake chinatsetsereka pamapupo mpaka chinaima. Esitere anapazindikira. Panali padimba lake, pomwe panalinso chitsime chimene banja lonse linkamwa.

Yohana, mng'ono wa malemuyo, yemwe anali mlonda pafakitale pomwepo, anaitanira Esitere kuseri. Anati dimbalo likangolembedwa pamapu, kumsika wa ku Chimbiya palibe adzagule kabichi wawo, ndipo fakitale ikatsekedwa iye adyetsa chiyani ana.

"Alamu, musanene kanthu. Wapita wapita."

"Nanga chinawatupitsa miyendo achimwene anu n'chiyani?"

Yohana anati kuchipatala anangonena za impso, nayang'ana kumbali.

Atabwerera pakhonde, Esitere anafunsa ngati poizoniyo angachotsedwe. Fiona sanamunamize. Migolo ingafukulidwe, koma zimene zinalowa kale m'thanthwe zidzakhala momwemo, mwina mpaka adzukulu adzakalambe.

M'mawa mwake Esitere ndi Fiona anakwera phirilo, ngakhale Esitere sankadziwa dzenje ndi limodzi lomwe. Kunali nkhungu. Anayenda m'mitengo ya paini mpaka dzuwa linakwera, makina ofufuzira zitsulo ali chete. Kenako anafika pamalo pomwe khonje anamera mozungulira ngati khola. Makina aja analira. Patsogolo pang'ono panalinso khonje wotero, ndipo analiranso.

Esitere anakhala pamwala. Anakumbukira mwamuna wake akumanga mbande za khonje panjinga, akunena kuti n'za zingwe. Sanabweretsepo chingwe kunyumba. Ankatchinga maenje kuti ana ndi mbuzi asapondepo, ndiponso kuti munthu asadzalimepo. Koma pakamwa sanatsegule, chifukwa ntchito yomudyetsa inali yomweyo.

Anapeza maenje khumi ndi limodzi. Lomaliza linali kunja kwa waya wa fakitale, pamwamba penipeni pa kasupe wothirira dimba. Fiona analemba ndi cholembera chofiira, nati lipoti alipereka, koma tsiku lodzafukula sangalonjeze. Yohana, yemwe ankawatsatira chapatali, anavula chipewa n'kubwerera kugeti.

Galimoto itapita, Esitere anatsikira kudimba. Kabichi anali atamanga bwino, wongoyembekezera mpeni. Anamudutsa osamukhudza. Pachitsime anavundukula nsalu yomwe anamangamo mbande zinayi za khonje zimene anazula kuphiri. Anakumba ndi manja m'dothi lonyowalo, nayamba kubzala mozungulira chitsimecho, minga ikumubaya m'zala.