Masitepe Amene Amayi Anakana

Thuwaiba anaima pakati pa balaza atagwira m'chiuno. Anayang'ana masitepe ake atsopano, n'kuyang'ana amayi ake, n'kubwereranso kumasitepe aja. Mutu wake sunkagwira. Mayi Mwanajuma anali pamkeka pafupi ndi khomo la kukhitchini, akusankha nyemba ngati m'nyumbamo simunasinthe kanthu.

"Amama, chipinda chanu chasila. Bedi ili kale pamwamba. Tiyeni mukaone," anatero Thuwaiba.

"Nili che bwino kuno pansi," anayankha amayiwo osadzutsa nkhope.

Pansipo si pomwe panali pabwino. Aliyense wa m'komboni ya Kanyama amadziwa zimene mvula imachita. Chaka chapitacho madzi analowa m'nyumbamo mpaka kulekeza m'maondo, ndipo Mayi Mwanajuma anagona milungu itatu bedi litasanjikidwa pamabuloko. Chifuwa chinawagwira mpaka anagonekedwa kuchipatala. Dokotala sanabise mawu: chinyezi china chotero chidzawatenga. Thuwaiba, yemwe ntchito yake inali yojambula mapulani a nyumba, analumbira kuti mvula ina idzapeza amayi ake akugona m'mwamba.

Anasanjadi zipinda ziwiri pamwamba, ndipo masitepe anawajambula ndi mtima wake wonse. Chitsulo chimodzi chinadutsa pakati, pamwamba pake panagona matabwa a mlombwa, ndipo pakati pa thabwa ndi linzake anasiya mpata woti kuwala kuzidutsa. M'mbali anakana zitsulo zija zooneka ngati za pazenera la golosale. Anaikamo magalasi oyera mbee, kuchokera pansi mpaka pamwamba. Kabalaza kopanikizika kaja kanaoneka ngati kakula. Anthu oyandikana nawo ankabwera kudzapempha mchere, koma maso ali kumasitepe.

Tsopano unali mwezi wa Novembala, mitambo inkada tsiku ndi tsiku cha ku Chunga, ndipo mwini chipinda ankakana kukwera.

Poyamba Thuwaiba anaganiza kuti amayi akuopa kuti galasi lisweka. Anaitana Bornwell, mmisiri amene anamanga magalasiwo, bambo wa thupi lodzaza khomo. Bornwell anatsamira galasi ndi thupi lonselo, n'kulimenyanso ndi jombo kawiri.

"Mwaona, ba mami? Iyi siipwanyika, olo ng'ombe ibwele," anatero akupuma mwawefuwefu.

"Ni yolimba zoona. Mwagwila nchito," anayamikira Mayi Mwanajuma, n'kupitiriza zomwe ankachita.

Kenaka Thuwaiba anati mwina ndi maondo. Koma maondo ake ati? Mayi yemweyu ankasenza chigubu cha madzi kuchokera pampopi wogulitsira madzi osapumira panjira. Anati mwina ndi chizungulire, n'kuuza Bornwell kuti aike thabwa logwirira pamwamba pa magalasi. Amayi analisisita thabwalo, nati ndi losalala bwino, basi. Thuwaiba anafika pofunsa ngati analota maloto oipa. Amayi anaseka mpaka kutsokomola, ndipo chifuwa chimenecho chinamuopsa kuposa china chilichonse.

"Basiye, bakulu ni mwamene balili," anatero mwamuna wake, Nasser. Ananena izi ali phee pasofa, pamalo pake pa masiku onse, pansi penipeni pa masitepe. Pulani ya Thuwaiba ndiyo inaika sofa pamenepo, chifukwa ndi pokhapo pamene panatsala malo oyang'anizana ndi wailesi yakanema.

Lachisanu lina Thuwaiba anaweruka msanga, n'kukumana ndi Nasser panjira akuchokera kumzikiti. Atalowa m'nyumba anapeza mkeka uli wokha. M'mwamba munkamveka mapazi ndi kanyimbo ka chapansipansi.

"Amama! Mwakwela!" Thuwaiba anakuwa ndi chimwemwe.

Kanyimbo kaja kanaduka. Nasser anavula chipewa n'kudziponya pasofa. Thuwaiba anatenthetsa chakudya, naitana amayi kuti atsike adzadye. Kunali zii. Anaitananso kachiwiri, kachitatu. Pamene ola linkatha, mpunga utazizira, anakwera yekha mtima uli m'mwamba. Anawapeza atakhala pabedi latsopano lija, manja ali pamiyendo, ali bwinobwino.

"Amama, mwanisokoneza. Masiku onse aya simufuna kukwela. Lelo simufuna kuseluka. Nichani kansi?"

"Nimakwela masiku onse mukayenda ku nchito," anatero amayiwo. "Kamphepo ka kuno ni kabwino."

Thuwaiba anakhala pansi. "Manje vuto ili pati?"

"Apongozi bali kuti?"

"Ba Nasser? Bali pa sofa."

"Sofa ili pati?"

"Pansi pa masitepe."

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, monga amayang'anira munthu amene akufunafuna mpango uli kumutu kwake. Atalankhula, mawu awo anali otsika kwambiri.

"Iwe mwana unaphunzila maningi. Ufuna ine nipite pamwamba pa mutu wa apongozi, na chitenje, mendo yonse pa galasi monga vovala va mu shopu?"

Thuwaiba anadzuka n'kutuluka m'chipindamo. Anatsika, nakhala pambali pa Nasser, n'kukweza maso. Masitepewa anawajambula kuchokera kutsogolo, kumbali ndi pamwamba, koma anali asanakhalepo pansi pake n'kuyang'ana kumwamba. Kupyola m'mipata ija ndi m'magalasi aja, chilichonse chinkaoneka mpaka kudenga. Iye ankakwera atavala buluku mkati mwa diresi lalitali, ndiponso wokhala pansiyo anali mwamuna wake. Anagwidwa ndi manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Zaka zinayi zonse amayi ake ndi Nasser sanadutsanepo pakhomo limodzi, moni ankapatsana wina ali kuseri kwa chitseko, ndipo iye ankangoti ndi zachikale zosavulaza munthu.

"Ba Nasser, yendani panja pang'ono," anatero.

"Nalakwa chani?"

"Yendani che."

Nasser anatuluka rimoti ili m'manja, nkhope yodzaza mafunso. Chitseko chitangotsekeka, Mayi Mwanajuma anatsika masitepe onse khumi ndi anayi mopepuka ngati mtsikana, osagwira n'komwe thabwa la Bornwell lija.

"Nanga simunakambe bwanji?" anafunsa Thuwaiba, misozi ili pafupi.

"Vinthu ivi sibakamba. Munthu amaona che."

Madzulo amenewo Thuwaiba anayesa kupulumutsa ntchito yake. Anakokera sofa uku, n'kuikokeranso uko. Sizinathandize. Paliponse pamene munthu angakhale m'balazamo, masitepe ankaonekera, pakuti n'chimene iye mwini anawapangira. Zinamupweteka kwambiri. Aka kanali koyamba kumanga chinthu chimene palibe bwana anachisintha, ndipo ankachinyadira. Kunja kunagunda bingu loyamba la chaka.

M'mawa mwake Bornwell anabwera ndi matabwa otsekera mipata ija komanso mpukutu wa pepala lomata pagalasi, lija limachititsa galasi kuoneka ngati lachita nkhungu. Anabwera akudandaula.

"Ba sista, muononga chinthu chabwino. Bantu ku mayadi balila vamene ivi."

"Ku mayadi kulibe amama banga," anayankha Thuwaiba. Pepala loyamba anamata yekha. Pofika masana balaza linali litabwerera kuchepa kwake kwakale. Thuwaiba anakhala pasofa, nauza amayi kuti akwere. Iwo anakwera masitepe atatu n'kuima.

"Uniona?"

"Sinikuonani, amama."

"Olo pang'ono?"

"Olo pang'ono."

Mvula yeniyeni inabwera Lachiwiri madzulo. Inagwa maola awiri osakata, ndipo madzi a matope anayamba kukwawira pansi pa chitseko. Nasser anakweza mapazi pasofa, maso ali pakanema. Mayi Mwanajuma anapinda mkeka wawo, naukolekera m'khwapa. Pamwamba pa mutu wa mkamwini wawo panadutsa chithunzithunzi chabe, chikukwera pang'onopang'ono kuseri kwa galasi, mapatapata akulira pathabwa lililonse. Thuwaiba anaima m'madzi olekeza m'kakolo, akumvetsera, mpaka chitseko cha m'mwamba chinatsekeka.